Kayendedwe ka kwaya mu Disembala kuno ku England, kuyimba m'mapabu

Abale amene muli m'makwaya kuno, ngati mukufuna kutulutsa gulu lanu kukayenda wapansi nthawi yozizira ino nkumaima m'mapabu kuyimba, choyamba yang'anani dzuwa osati mapu. Kuno ku Sheffield mu Disembala ikamati 4 koloko madzulo kunja kwada kale, ndiye mukanyamuka 1 koloko monga timachitira ife a "tikubwera pompano", mudzapezeka muli pakati pa nkhosa mumdima mukuwunika ndi foni. Nyamukani 10 mmawa, basi.

Njira ikhale yaifupi. Ife timakonda kuzungulira damu la Damflask kufupi ndi Low Bradfield, ndi makilomita pafupifupi 6 ndipo pansi pake ndi posalala, ngakhale amayi a alto amene amadandaula mawondo amatha. Amene ali ndi mphamvu akhoza kukwera chitunda kupita ku High Bradfield koma mudziwe kuti mukafika pamwamba paja mpweya watha, tenala yense ali wefuwefu, palibe angatulutse noti. Mukadutsa m'minda tsatirani zikwangwani za public footpath (njira yololedwa kudutsa aliyense wapansi) ndipo geti lililonse mwatsegula mutseke, minda imeneyi ili ndi eni ake.

Za pabu tsopano, pakuti ndikudziwa ena mwayamba kale kukwinya nkhope. Pabu yakumudzi kuno si bala ngati zija za kwathu zomwe mkulu wa mpingo akakuona ukulowa nkhani ifika kwa abusa. Mumalowa agogo, ana masana, agalu amene, moto ukuyaka pachitofu. Osamwa mowa gulani tiyi kapena hot chocolate palibe akudabweni. Koma aliyense agule kanthu chonde, musadzaze malo anthu 20 nkugula Coke mmodzi. Ndipo oda mumakapereka nokha pakauntala, mukakhala pampando kudikira weita mudikira mpaka Khirisimasi.

Imbirani foni mwini pabu kudakali sabata imodzi, muwauze muli angati, mufika nthawi yanji komanso kuti mukufuna kuyimba. Ife chaka china tinangotulukira pa pabu ina osanena, kupeza anthu maso ali pa TV mpira uli mkati, titangoyamba vesi yoyamba bambo wina anatembenuka kutiyang'ana, diso lake lokha nyimbo inafera pakhosi kkkk. Mapabu awiri akwana, imodzi pakati pa ulendo ina kumapeto. Atatu ndiye mabesi amayamba kuyimba zawozawo.

Kuyimba m'pabu kuno si zachilendo ayi. Midzi yozungulira Sheffield ngati Worrall, Dungworth ndi Ecclesfield ili ndi mwambo wakalekale woyimba nyimbo za Khirisimasi m'mapabu kuyambira pakati pa Novembala, anthu kupanikizana ataimirira magalasi m'manja, ndipo mawu a nyimbo ya While Shepherds Watched amawayimba m'machuni ambirimbiri. Ndiye ngati mwagwera tsiku lawo musalimbane nawo, mvetserani, lowani pa kolasi. Masiku ena onse yambani ndi nyimbo imene eni malo akuidziwa kuti alowe nawo, kenako muponye yachichewa imodzi ya m'manja ija. Nyimbo zitatu kapena zinayi zakwana, si konsati.

Panja musamakuwe, mphepo yozizira imauma kukhosi. Kulungani sikafu pakamwa, muzing'ung'udza chapansipansi poyenda, mukalowa mkati dikirani kaye thupi litenthe musanayambe. Mapepala a nyimbo asiyeni kunyumba kapena muwaike m'pulasitiki, mvula yakuno siipempha chilolezo, ndipo ndi magolovesi simungatsegule tsamba.

Valani zovala zingapo zopyapyala m'malo mwa chijekete chimodzi, chipewa, masokosi awiri. Nsapato za kutchalitchi ayi ndithu, matope ake ndi ofika m'kakolo, ndipo mapabu ena amafuna muvule mabuti pakhomo ndiye onetsetsani kuti sokosi ilibe chibowo. Munthu mmodzi akhale kutsogolo wina kumbuyo kuwerenga anthu, ndipo nthawi ya basi yomaliza muione musanachoke kunyumba, Lamlungu mabasi akumidzi amakhala ochepa.