Kaonedwe ka chithunzi cha zipatso ndi masamba, osangothamangitsa chala

Ambirife tikakumana ndi chithunzi chojambula pamanja cha maapozi ndi kabichi pa foni timangoti aaa zakudya basi, chala chapita kale. Taimani kaye abale, nkhani ilipo pamenepo.

Yambani ndi kufuna komwe kuwala kukuchokera. Mthunzi ukagwera kumanja ndiye kuti zenera linali kumanzere, ndiye muone kadontho koyera kamene kamakhala pomwe kuwala kwamenya chipatso, pa tomato kamanyezimira kwambiri koma pa pichesi kamazimiririka poti khungu lake ndi laubweya, wojambula akalephera pamenepo pichesi ndi tomato zimangofanana kupatula mtundu.

Kenako kayalidwe kake. Izi amayi ogulitsa pa msika wa Ulongué amazidziwa kale, tomato wamkulu pansi, wofiira bwino uja pamwamba kuti wodutsa aime, palibe chimene chimagwera pamalo mwangozi. Wojambula naye ndi choncho. Sakani pa intaneti dzina loti Juan Sánchez Cotán, wa ku Spain, cha m'ma 1602 anajambula kabichi ndi chipatso china zitamangidwa pa zingwe zikulendewera, vwende lodula ndi nkhaka zili pansi, kumbuyo kuli mdima bii. Diso lanu liyambire pamwamba kumanzere litsike pang'onopang'ono mpaka kumanja, muona kuti zinthuzo zapanga mzere wokhota bwinobwino, ndipo nkhaka ija yatulukira m'mphepete moti umachita kufuna kuiwakha isanagwe.

Koma ine chimene ndimafuna kwambiri ndi chilema. Caravaggio wa ku Italy anajambula dengu la zipatso cha m'ma 1599, lero lili ku Milan, talikulitsani ndi zala ziwiri pa sikirini muone, apozi ili ndi bowo la mbozi, masamba ena afota ena adyedwa, mphesa zina zayamba kale kutha. Munthuyo sanabise kanthu, anajambula chipatso cha tsiku limenelo chimene mawa lake chinali choti chitayidwe. Zija za pa makalendala a m'mashopu zosalala zonse popanda ndi kabanga komwe, ine sizindigwira mtima olo pang'ono, alimi a ku Angónia ndi Tsangano atiuze ngati anakololapo zotero.

Mitundu musaikhulupirire msanga. Apozi mukuti ndi yofiira ija mukaiyang'anitsitsa mupezamo chikasu, kubiriwira, mwinanso buluu kumbali ya mthunzi. Katswiri wa zimenezi anali Paul Cézanne wa ku France, ndipo mukapeza tebulo lake lapendekeka kapena mbale ikuoneka ngati itaya maapozi musati mdalayo analakwitsa, ankachita dala, mbale amaiona chakumwamba pomwe botolo lili pambali pake akuliona cham'mbali.