Musanagule foloko ya mashoko ya njinga yokwera mapiri

Foloko yobonyera kwambiri sikuti ndiye yabwino. Ngati mumapalasa m'misewu yafumbi ndi m'tinjira ta zitunda, yobonyera mamilimita 100 mpaka 120 ikukwanirani. Ndi yopepuka, ndipo sikudyerani mphamvu pokwera. Ya 130 mpaka 150 imayenera m'njira za miyala ndi mizu, pomwe 160 kupita m'tsogolo asiyireni otsetsereka mapiri mwaliwiro.

Koma yambani mwafufuza malire a kabonyeredwe ka foloko amene opanga felemu yanu anaika, chifukwa apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Mukawonjezera mamilimita 20 okha, handulo imakwera, foloko imapendekera kutsogolo ndi digiri ngati imodzi, tayala lakutsogolo limayamba kudzuka pachitunda. Mukapyola malirewo, felemu itha kung'aluka pakhosi, pomwe pamalowa foloko.

Foloko ikakhala ya mpweya, ipopeni kuti mukakwera njingayo, folokoyo izibonyera ndi 15 mpaka 20 peresenti ya mamilimita ake onse obonyera.