Mmene Mungagwiritsire Ntchito Kuwala kwa UV pa Madzi Okhala ndi Zotsalira za Mankhwala

Musanayatse nyale ya UV (kuwala kosaoneka ndi maso kumene kumapha tizilombo m'madzi), yambani mwasefa madziwo, chifukwa matope amatchinga kuwalako ndipo tizilombo timabisala kuseri kwa tizinyalala toyandama. Nyale zambiri zotere zimawala pa mananomita 254 (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala), ndipo ntchito yake yeniyeni ndi kupha tizilombo toyambitsa matenda. Zikafika pa mankhwala otsalira m'madzi, zinthu zimasintha. Diclofenac, amene ambiri amamwa pothetsa ululu, amasweka msanga ndi kuwala, koma kafukufuku wasonyeza kuti zina mwa zidutswa zake zimavulaza ndere za m'madzi kuposa mankhwalawo asanasweke. Carbamazepine, wa matenda a khunyu, sasweka mosavuta, moti wambiri amadutsa pa nyaleyo ali momwemo.

Choncho musadalire kuwala kokha. Dutsitsani madziwo mu sefa ya makala okonzedwa mwapadera, amene amakoka mankhwala ambiri, kenako pa nyale, ndipo galasi lake muzilipukuta kawirikawiri kuti lisachite litsiro. Amene amayanika mabotolo a madzi padzuwa kwa maola 6 adziwe kuti njirayi imapha tizilombo koma sichotsa mankhwala onse. Mapiritsi otsala musawataye m'chimbudzi kapena mumtsinje, koma kafunseni ku famase kapena kuchipatala za katayidwe koyenera.