Kuweta nkholokolo m'thanki yagalasi kunyumba

Nkholokolo, nsomba za mtundu wa Synodontis, zimabisala masana n'kutuluka kukada. Musaganize kuti zadwala mukapanda kuziona. Za ku nyanja ya Tanganyika, monga Synodontis petricola, zimakhala bwino mu Lusaka muno chifukwa madzi athu ali ndi laimu wambiri, ngati kwawo.

Pezani thanki yosachepera malita 120 ndipo muikemo zinayi kapena zisanu. Ikakhala yokha imachita mantha kwambiri. Pansi thirani mchenga wosalala wotsuka bwino, poti timiyala takuthwa timadula ndevu zimene zimafufuzira chakudya. Mobisala mukhale mochuluka kuposa nsombazo: zidutswa za paipi ya PVC, miphika yadothi yogoneka chambali, miyala yosanjikiza yosagwedera. Chodabwitsa n'chakuti mobisala mukachuluka ndi pamene zimatuluka kawirikawiri.

Dyetsani mutazimitsa nyale, chakudya chomira, chongokwanira kutha m'mphindi zisanu. Chotsala chimaola n'kuipitsa madzi.

Madzi akhale pa madigiri 24 mpaka 27. Juni ndi Julaye kumazizira usiku, choncho hita ya 100W ndi yofunika. Magetsi akathima, phimbani thanki ndi bulangete, yatsani kapampu ka mpweya ka mabatire, ndipo musadyetse kufikira fyuluta yosefa madzi itayambanso kugwira ntchito. Sabata iliyonse sinthani kotala la madzi, mutayamba mwathira mankhwala ochotsa klorini m'madzi atsopanowo.

Pozigwira gwiritsani ntchito chikho, osati ukonde: minga ya pa zipsepse imakodwa ndipo imabaya. Zilibe mamba, ndiye mankhwala okhala ndi kopa (mkuwa) amazipweteka msanga.