Mmene ndimakonzekeretsera CBR yanga ndisanakayezetse COF

Ndimakhala ku Area 47 ndipo ndimayendera njinga yamoto ya Honda CBR600RR imene inachokera ku Joni. Ndikaima pothira mafuta, anyamata a kabaza amandizungulira ndi mafunso awiri: imathamanga bwanji, nanga COF amakupatsani ndi kulira kumeneku? Loyambalo sindiyankha. Lachiwirilo ndiyankha pano, chifukwa chaka choyamba oyeza anandibweza osandipatsa COF, chiphaso chotsimikizira kuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Sanandibweze chifukwa cha injini ayi. Injini za njinga zimenezi sizidwaladwala. Woyezayo anaima kumbuyo n'kundiuza kuti ndigwire buleki ya kumanja, nyali inayaka. "Pondani ya phazi, achimwene." Ndinaponda, kuli zii. Kasipuling'i kokoka siwichi kuseri kwa chopondera kanali katamasuka, ine osadziwa, poti munthu sudziona kumbuyo. Kenako analoza foloko ya kumanzere (chimodzi mwa zitsulo ziwiri zogwira tayala la kutsogolo), mafuta atatsetsereka mpaka kufupi ndi buleki. Ndinabwerera chimanjamanja. Chiyambire pamenepo imadutsa ulendo umodzi chaka chilichonse, ndipo zimene ndimachita ndi izi.

Yambani kudakali masabata awiri kapena atatu COF yakale isanathe. Chifukwa chake n'chakuti ku Malangalanga ndi ku Biwi zipangizo za Lifo, King Lion ndi Boxer zili mbwee, koma kafunseni tayala la 180/55-17, akuyang'anani ngati mwalankhula chilankhulo china. Zambiri za njinga ngati yangayi mumachita kuitanitsa ku Joni kapena ku Dar es Salaam, ndipo katundu wapabasi sabwera tsiku limene mwamufuna.

Mapepala poyamba: blue book, khadi lanu la Traffic Register ndi inshuwalansi yosatha. Pukutani pakhosi pa felemu, mbali ya kumanja pamene chiwongolero chimazungulira, muwerenge nambala ya chasisi chilembo ndi chilembo, muone ngati ikufanana ndi ya m'buku. Chimodzimodzi ya injini. Ngati munasintha injini kapena mtundu wa penti, kakonzetseni zimenezo ku Road Traffic kaye, musadikire kuti mukazifotokoze pamzere.

Tsopano mafoloko, poti apa ndi pamene Lilongwe amatilangira. Njingazi anazipangira misewu yosalala, ife timazilowetsa m'maenje ndi m'mahampu, ndiye kuwonjezera fumbi la Okutobala lija. Fumbilo limamatirira pa chitsulo chonyezimira cha foloko, n'kulowa pansi pa silu, labala wotsekera mafuta m'foloko, mafutawo n'kuyamba kukha. Pukutani mafoloko onse awiri aume, gwirani buleki ya kutsogolo, kankhirani njinga pansi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kenako pitsani chala. Chikabwera chonyowa, pali nkhani. Nthawi zina kamchenga chabe n'kamene katsekula siluyo: ine ndimatsitsa kalabala koteteza fumbi, n'kudula kapulasitiki kopyapyala ka botolo la madzi, n'kukazunguliza pang'onopang'ono pansi pa silu kuti kakoke zinyalalazo. Ikapitiriza kukha, sinthani masilu mbali zonse ziwiri pamodzi ndi mafuta ake. Musangopukuta m'mawa wa tsikulo kuti mupusitse woyeza. Mafutawo akafika pa mapadi, buleki imaterera, ndipo amene adzaone zimenezo pa Kanengo lole itaima mwadzidzidzi ndi inu.

Matayala athu amatha modabwitsa. M'mbali amaoneka atsopano, pakati pataphwatalala, chifukwa cha maulendo a Loweruka opita ku Dedza kapena ku Salima. Fufuzani timizere totukuka tili m'ngalande za tayala; pamwamba pakafanana ndi timizereto, latha basi. Onaninso manambala anayi a m'mbali: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma n'kuyamba ming'alu ngakhale mapazi ake akadalipo. Mpweya pa yanga ndi 2.5 bar kutsogolo, 2.9 bar kumbuyo, ndikamayeza lisanatenthe.

Mabuleki savuta kuona. Unikani ndi tochi ya foni, mapadi akatsala ochepera mamilimita 2 sinthani. Mafuta a buleki ndi DOT 4, ndipo akada ngati tiyi wopanda mkaka atayeni. Amafunika kusintha pakatha zaka ziwiri zilizonse. Tcheni chisalendewere, chisakhalenso chokungika ngati nsambo ya banjo. Changa ndimachisiya chikusewera mamilimita 30 pakatikati, koma muone kapepala kamene kamamatidwa pafupi ndi tchenicho kapena buku la njinga yanu. Mano a sipuloketi akasongoka ngati minga, sinthani zonse pamodzi. Mupemphenso mnzanu akuthandizeni kunyamula kutsogolo, mupotoze chiwongolero uku ndi uku: chikamakodwa pakati, maberingi a pakhosi apita.

Koma kunena zoona, zimene zimatigwetsa kwambiri ndi zimene timadzipangira tokha pofuna kutchena. Tichotsa magalasi kuti njinga ioneke yowonda. Tidula mchira, nambala n'kuyang'ana kumwamba ngati ikupempha mvula, chonyezimira chofiira chakumbuyo n'kupita nawo limodzi. Tiika maindiketa ang'onoang'ono a LED amene amaphethira mofulumira ngati munthu wagwa chitsotso m'maso, masana osaoneka n'komwe. Zonsezo bwezerani. Nambala iwerengeke munthu ataima kumbuyo, ndipo kanyali kake kayake. Maindiketa ophethira msanga amachira ndi kafulashala (kachipangizo kophethiritsa maindiketa) koyenera ma LED, n'kotsika mtengo. Ekizozi nayo: ine yoyambirira ija sindinagulitse, imakhala pamwamba pa wadirobu, mayi a kunyumba akudandaula chaka chonse kuti ikudetsa. Ikakwana nthawi ndimaitsitsa. Ngati yanu munataya, bwezerani kachitsulo kochepetsa phokoso kaja mu ekizozi imene munaikayo. Anansi a mu line yathu amakondwa sabata imeneyo.

Madzulo a tsiku lomaliza imikani njinga moyang'ana khoma, muyese nyali yaifupi ndi yaitali, hutala, maindiketa anayi, ndi buleki zonse ziwiri payokhapayokha, mwana kapena mlonda akuyang'anirani kumbuyo. Batire likhale lamphamvu, chifukwa kumeneko muzimitsa ndi kuliza kangapo, ndipo njinga yolemera chonchi kuikankha pagulu n'zamanyazi. Itsukeni, makamaka pansi pa injini, kuti mafuta akale a tcheni asaoneke ngati ikudontha.

Pitani m'mamawa, chipewa kumutu, mapepala mu pulasitiki. Madobadoba akakuthamangirani ndi "bwana tikuthandizeni zichitike msanga", muwathokoze n'kupitirira. Ndalama mulipire pamene akupatseni lisiti. M'thumba mwanga mumakhala babu imodzi yapadera, mafyuzi awiri, sipanala ya 10 ndi kasipuling'i kena ka siwichi ya buleki ya phazi.