Katchajidwe ka wotchi ya smartwatch kuti batire lisafe msanga

Mwafunsa momwe mungatchajire wotchi yanu kuti batire likhalitse. Musanayambe, pezani chingwe chomwe chinabwera ndi wotchiyo, chaja ya pakhoma ya 5V 1A kapena USB ya kompyuta, ndi kansalu kouma kofewa.

1. Vulani wotchi, muipukute kunsi. Thukuta likaumira pa timapini totchajira, timachita dzimbiri ndipo moto sulowa bwino.
2. Iikeni pa chaja batire likatsika kufika pa 20 kapena 30 peresenti. Musadikire kuti izime yokha, chifukwa batire la lithium-ion limafooka likamatheratu kawirikawiri.
3. Onetsetsani kuti maginito a chaja ndi a wotchi agwirana ndipo chizindikiro chotchaja chaoneka.
4. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: kutentha. Musaitchaje padzuwa, m'galimoto yotseka mawindo, kapena pansi pa pilo. Kutentha kopitirira madigiri 35 kumachepetsa mphamvu ya batire, ndipo mphamvu yotayikayo sibwereranso. Ngati yatentha mutathamanga nayo mutayatsa GPS, dikirani izizire kaye.
5. Ichotseni ikafika pa 80 kapena 90 peresenti. Pa Apple Watch yatsani Optimized Battery Charging, yomwe imachedwetsa kudzaza mpaka 100 ikagonera pa chaja.
6. Kuti moto uzikhalitsa, zimitsani Always On (yomwe imasiya sikirini ili yoyaka nthawi zonse), chepetsani kuwala kwa sikirini, ndipo lolani mauthenga a mapulogalamu ofunika okha.

Ngati muisunga kwa miyezi osaivala, izimitseni ili pafupi ndi 50 peresenti.