Mmene Mungakhazikikire M'nyumba Yatsopano ku Mulanje

Munthu akangotsitsa katundu pa galimoto, mtima umathamangira makatani, zithunzi za pakhoma ndi malo oika wailesi yakanema. Zimenezi zili ndi nthawi yake, koma kuno ku Mulanje chimene chimalamula nyumba ndi madzi, ndipo amene akufuna kukhala mwamtendere ayenera kuyamba wadziwa kumene madziwo amalowera, kumene amaima ndi kumene amatulukira. Mvula imagwa yambiri kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, ndipo ikangoti yaleka, miyezi ya Juni ndi Julayi imabwera ndi chiperoni, kamvula kowaza kamene kamatha masiku angapo dzuwa osaoneka. Nyengo imeneyi ndi imene imachititsa kuti tiyi azikondwa m'minda ya kuno ndi ku Thyolo, koma ndi imenenso imaononga matiresi, ufa ndi zikalata za munthu amene sanakonzeke.

Ndinaphunzira zimenezi nditasamukira kufupi ndi pa Chitakale mwezi wa Juni. Chifukwa chofuna kuti chipinda chioneke chachikulu, ndinagunditsa bedi kukhoma ndi kuika sutikesi ya zovala pasimenti. Patatha milungu itatu ndinakoka bedilo kuti ndisese, ndipo ndinapeza mbali ya matiresi imene inali kukhoma itachita madontho akuda a chuku, khomalo lili zii ngati mtsuko wa madzi, ndipo nsapato zachikopa zimene zinali kunsi kwa bedi zitamera utoto wobiriwira. Nyumbayo sinkadontha n'komwe. Chinyontho chinkangokwera kuchokera pansi ndi kukhazikika paliponse pamene mpweya sunkadutsa.

Choncho ngati n'kotheka, kaioneni nyumbayo musanabweretse katundu, ndipo muione ili yopanda kanthu. Lowani masana, tsekani zitseko ndi mawindo, kenako yang'anani kudenga: paliponse pamene pakulowa kuwala pa malata, mvula idzalowanso pomwepo. Ngati muli siling'i, funani mabanga ofiirira, pakuti amenewo ndi umboni wa kudontha kwa chaka chatha. Gwirani makoma ndi dzanja cha m'munsi, makamaka m'makona, ndipo onani ngati penti kapena laimu akusuwa. Gogodani mafelemu a zitseko kuti mumve ngati chiswe chinadya mkati. Zonse zimene mwapeza muwauze eni nyumba musanapereke lendi yoyamba, ndipo mugwirizane momveka bwino kuti wokonza ndani, chifukwa nkhani ya denga ikasiyidwa pakamwa pokha imadzasanduka mkangano mvula ikafika. Tsiku lomwelo lembani nambala ya mita ya ESCOM pa pepala loti silitayika, onani mayunitsi otsala, ndipo ngati pali mpopi wa Southern Region Water Board, werengani mita pamodzi ndi eni nyumba ndi kufunsa ngati pali ngongole imene anasiya amene anatuluka.

Mukatha mkati, zungulirani kunja. Yang'anani kumene nthaka yatsetserekera ndi kufunsa anthu oyandikana nanu kuti madzi amadutsa pati mvula ikakula. Amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri ndi kukokolola midzi m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, sakuona funso limeneli ngati lachibwana, ndipo adzakuuzani mosabisa ngati nyumbayo ili pa njira ya madzi. Ngati ili pamalo abwino, ntchito yanu ndi yaing'ono koma yosayenera kuizengereza: kumbani kapena fukulani ngalande kumtunda kwa nyumba kuti madzi azipatuka asanafike pa maziko, kwezani dothi m'mphepete mwa khoma kuti madzi a padenga asamaime pamenepo, ndipo bzalani udzu wa vetiva pamene nthaka ikukokoloka.

Kenako yeretsani nyumba isanalowe kanthu. Sesani kuyambira kudenga kutsika pansi, kolopani ndi madzi a sopo, ndipo tsekani ming'alu ndi mauna a makoswe ndi simenti pang'ono. Ngati thumba likulola, pakani laimu m'zipinda, pakuti ndi wotsika mtengo, amawalitsa nyumba ya mawindo aang'ono ndipo amachotsa fungo la anthu amene analimo kale. Fungolo si nkhani yochepa. Nthawi zambiri chimene chimam'pangitsa munthu kudzimva mlendo m'nyumba imene akulipira yekha ndi mphuno, osati maso.

Polowetsa katundu, musayese kumaliza zonse tsiku limodzi. Yambani ndi pogona, chifukwa munthu amene wagona bwino usiku woyamba amadzuka ndi mtima wopirira zina zonse. Bedi litalikirane ndi khoma ndi mpata wokwana chikhatho, ndipo ngati mulibe bedi, musayale matiresi pasimenti penipeni. Yalani kaye mphasa, kapena ikani matabwa pa njerwa, ndipo m'mawa uliwonse muziimiritsa matiresiwo kuti apume. Neti imangidwe usiku woyamba womwewo, pakuti malungo sadikira kuti munthu akhazikike. Ngati ndi yatsopano, iyanikeni pamthunzi tsiku lathunthu musanagonemo. Masutikesi, mabuku ndi makatoni zikhale pamwamba, ndipo zikalata zofunika monga chiphaso cha unzika, masatifiketi, mabuku a kuchipatala ndi makadi a sikelo a ana zilowe m'pepala la pulasitiki lomangidwa bwino, ziikidwe pamalo amodzi odziwika kwa akulu onse a m'nyumbamo.

Pa nkhani ya kuzizira ndiyenera kunena mosapita m'mbali. Chiperoni chikafika, ambiri amalowetsa mbaula ya makala kuchipinda ndi kutseka mawindo kuti afundidwe. Makala oyaka amatulutsa mpweya wopanda fungo ndi wosaoneka umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo ana ndi amene amayamba kufooka. Othani moto pakhonde kapena pamalo potseguka, tulutsani mbaula musanagone, ndipo ndalama imene mukanagulira chokongoletsa pabalaza mugulire bulangeti lina. Ngakhale kunja kuli nkhungu, tsegulani mawindo kwa kanthawi masana alionse, chifukwa nyumba yotsekedwa masiku atatu ndi imene imanunkha chinyezi.

Pambuyo pa pogona pamabwera pophikira. Ufa, chimanga, nyemba ndi nandolo zisakhudze pansi kapena khoma; ikani matumba pa matabwa ndipo ufa wogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ukhale m'ndowa ya chivindikiro. Kuno si kwanzeru kugayitsa ufa wa miyezi iwiri nthawi imodzi m'nyengo ya chinyezi, pakuti umayamba kuwawa usanathe. Khomani misomali yokolekapo mthiko, chipande, sefa ndi lichero, ndipo panja mangani thandala loyanikapo mbale pamalo pamene dzuwa limafika msanga. Madzi akumwa akhale ndi ndowa yakeyake yovindikira ndi kapu imodzi yotungira, ndipo ngati mukutunga pachitsime kapena pamtsinje, muziwiritsa kapena kuthira kolorini ndi kudikira mphindi 30 musanamwe. Dzenje la zinyalala likumbidwe sabata yoyamba, kutali ndi khitchini. Kenako phikani. Ngakhale mutatopa bwanji, phikani nsima ndi ndiwo zimene mumadya kwanu, mudye mutakhala pansi pamodzi, pakuti nthunzi ya mphika wanu ndi imene imayamba kuthamangitsa uchilendo m'nyumba.

Zovala nazo zili ndi lamulo lake kuno. Mangani zingwe ziwiri, china pabwalo ndi china pansi pa khonde cha masiku a mvula, ndipo musayanike zovala pa udzu kapena pa dothi, chifukwa pali ntchentche imene imaikira mazira pa nsalu zonyowa, mphutsi zake n'kulowa pakhungu ngati chithupsa. Kusita zovala, makamaka za ana ndi zamkati, kumapha mazirawo. Chovala chisalowe m'sutikesi chisanaume kwenikweni.

Za pabalaza sindinena zambiri, chifukwa aliyense ali ndi diso lake. Langizo langa ndi lakuti musathamangire ngongole ya mipando mwezi woyamba. Khalani kaye ndi mkeka ndi mipando iwiri, muone kumene kuwala kumalowera m'mawa, kumene mphepo imawombera madzulo ndi kumene anthu a m'nyumbamo amakonda kukhala okha osauzidwa, ndipo mukadzagula mudzagule zokwanira malowo. Akalipentala alipo pa Chitakale, pa Limbuli ndi pa Luchenza, ndipo shelefu yoyezedwa pakhoma lanu imaposa kabati yaikulu yotseka njira. Wina akakutsatsani matabwa a mkungudza wa m'phiri, muwakane ngakhale fungo lake ndi lokoma, pakuti mtengo umenewu ndi wa fuko lathu, ndi wotetezedwa ndi lamulo ndipo watsala pang'ono kutheratu. Chimene chiyenera kupeza malo msanga ndi kanthu kochokera kwanu: chithunzi cha makolo, nsalu ya pa tebulo imene analuka mayi anu, Baibulo kapena mkeka wopempherapo. Ana apatseni kangodya kawo ndi katoni ya zinthu zawo, ndipo muwalole asankhe okha pokoleka yunifolomu.

Chinthu chilichonse chimene chimasowa kawirikawiri, monga makiyi, machesi, tochi ndi chaja ya foni, chipatsidwe malo amodzi osasintha. Magetsi akazima usiku, dzanja lizidziwa lokha kumene kuli tochi.

Komabe nyumba yokonzedwa bwino ikhoza kukhalabe yozizira mumtima ngati simukudziwa amene ali kuseri kwa mpanda. Musadikire kuti anthu abwere kudzakuonani. Pasanathe masiku atatu pitani nokha kwa oyandikana nanu, odirani, khalani pansi mukapatsidwa mpando, nenani dzina lanu, kumene mwachokera ndi chimene chakubweretsani. Mawu ake ndi ochepa: "Amayi, ife ndife alendo anu, talowa m'nyumba iyi. Tikalakwitsa muzitilangiza." Kenako pemphani eni nyumba kapena mnansi wachikulire kuti akuperekezeni kwa amfumu, kuti tsiku la vuto musadzakhale munthu wosadziwika m'mudzi. Funsani za tsiku la chitukuko, za chopereka cha pamaliro, za komiti ya pa mjigo ndi za tsiku la msika, pakuti safunsa anadya phula. Maliro akachitika pafupi, pitani ngakhale simunam'dziwe malemuyo. Anthu ambiri a kuno ndi Alhomwe, ndipo mnansi akakupatsani kalongonda, mumulandire ndi manja awiri. Koma mukafuna kuphika nokha, funsani kaye kwa odziwa, chifukwa nyemba zimenezi zimafuna kuphikidwa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi zimaledzeretsa ndi kudwalitsa.

Pomaliza penipeni, bzalani kanthu, ngakhale nyumbayo ndi ya lendi. Dothi la kuno silikana mbewu, ndipo kabedi kamodzi ka mpiru kapena tchainizi kuseri kwa khitchini kamayamba kukudyetsani pakangotha mwezi ndi theka. Ngati eni nyumba sakulola kulima, dzazani dothi m'matumba akale a simenti kapena m'zigubu zodula, mubzalemo anyezi, tomato ndi tsabola. Ine ndinabzala mpiru m'matumba anayi pafupi ndi thandala, pamalo pamene Phiri la Mulanje limaonekera bwino, ndipo ndinazolowera kuthirira m'mawa uliwonse madzi a tiyi ali pamoto, ndikuyang'ana ngati mitambo yaphimba phiri kuti ndidziwe chingwe choyanikapo zovala tsikulo. Masamba oyamba atakula, ndinathyola ochepa ndi kukapereka kwa amayi a kuseri kwa mpanda amene anandibwereka khasu sabata yoyamba ija, ndipo madzulo ake mwana wawo anabwera ndi mbale yovindikira, muli chinangwa chophika chotentha.